Dazi la Wapampando pa Webusaiti

Bungwe la alimi a mtedza la pa Kamwendo litapeza webusaiti mu 2006, wapampando wake, a Mtengula, analamula kuti tsamba loyamba likhale chithunzi chawo ali m'suti, chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Tsiku lolandira mbewu analikankhira mkati mwenimweni, kuseri kwa mbiri ya moyo wawo.

Amene ankaona nazo zakuda anali Dyna, mlembi wa bungwelo. M'mawa wina a Eneya, mlimi wa ku Kachebere, anapalasa njinga kudzafunsa za tsikulo. Dyna asanatsegule pakamwa, a Mtengula anamudula.

"Zouzana pakamwa n'zachikale. Aonetseni chitukuko bambowa."

Dyna anadina kompyuta. Intaneti ya pa lamya inalira ngati nkhuku yotsamwidwa, chithunzi n'kuyamba kutsika mzere umodziumodzi. Patatha theka la ola panali patatulukira dazi la a Mtengula lokha, lonyezimira bwino lomwe. Mphuno inali ikadali m'njira, mwina cha ku Namitete.

A Eneya anasuzumira mwaulemu. "Ndiye mbewuyo ili pansi pa mutuwu?"

"Pirirani, bambo," anayankha Dyna. "Tikamafika pa tayi, anzanu akhala akupalira."

Pomwepo magetsi anathima. Dyna anatola choko n'kulemba pachitseko kuti: MBEWU LACHINAYI M'MAWA. A Eneya anawerenga kamodzi kokha, n'kukwera njinga yawo.

"Webusaiti yabwino ndi iyi, a wapampando," anatero akuloza chitseko. "Siidikira mphuno ya munthu."