Mtengo wa Sutris

Nsungwi inaima itangolowa pang'ono m'paipi, ndipo mwamuna wanga Karsono anaikankha ndi phewa mpaka inapindika. Ine ndinali chilili m'madzi akuda ofika m'akakolo, m'bafa mwathu momwe, nditabereka Tari kumbuyo. Mwanayo anali atalefuka. Sikanali koyamba kutsegula m'mimba chiyambire mvula, ndipo namwino anali atandiuza mosapsatira kuti mwana wokwawa sangachire m'nyumba yomwe madzi a m'ngalande amabwereramo.

M'kanjira kathu mumzinda wa Semarang nyumba n'zogundana makoma, ndipo zonse zimataya madzi m'paipi imodzi yakale yadothi, yodutsa pansi pa makonde kukathira kumsewu. Yathu ndi yotsika kuposa zonse. Paipi ikatseka, zimene anzathu ataya zimatulukira kwa ife.

"Ndi mafuta okazingira tempe wako wa soya amenewo, Rus," anatero Warsih wa nyumba yakumtunda, atatseka mphuno ndi nsalu pakhomo pathu. "Umakazinga tsiku lonse, umataya kuti? Madzi saiwala khwawa."

Ndinatola tsitsi lomwe linkayandama n'kumuonetsa. "Tempe wanga ali ndi tsitsi? Lalitali chonchi, lodaya, mutu wake tonse tikuudziwa."

Karsono sakonda mikangano. Anatuluka n'kuyamba kuvundukula timaenje tasimenti tomwe tili pakhonde lililonse. Kathu kanali kodzaza, ka Warsih chimodzimodzi, koma kumsewu madzi ankangodontha. Chotsekacho chinali pakati pa khonde lathu ndi msewu, ndipo pamenepo pali nyumba imodzi yokha, ya mayi wachikulire yemwe timamutcha Bu Ngatini. Karsono anamangirira waya wokhota kunsonga kwa nsungwi, nalowetsanso, napotoza, nakoka. Panatuluka chibuma cha mafuta oundana ndi tsitsi, chitakoledwa m'timizu toyera tambirimbiri. Anapala kamuzu kamodzi ndi chikhadabo n'kundinunkhiza. Linali fungo la mandimu.

Warsih anakumbukira mwadzidzidzi kuti mpunga wake ukupserera.

Mtengo umenewo panalibe wosaudziwa. Mwana wamwamuna akabadwa kwathu, bambo ake amatsuka nsengwa yomwe mwanayo wabadwa nayo, kuiika mumphika wadothi n'kuikwirira kumanja kwa khomo. Timati ndi m'bale wake wa mwanayo. Sutris, mwana yekhayo wa Bu Ngatini, atabadwa, bambo ake anabzala ndimu pamwamba pa mphikawo. Sutris anakula, anakwera sitima yausodzi ya kunyanja zakutali, anaimba foni chaka choyamba, kenako zii. Anthu anasiya kufunsa. Koma mayi ake ankatuluka m'mawa uliwonse kukayang'ana masamba, ndipo aliyense wodutsa ankawauza zomwezo: "Taonani kubiriwira. Ali bwino kumene aliko."

Tinapita tonse awiri, ine ndi Karsono. Tinawapeza Bu Ngatini akusesa pansi pa mtengowo.

"Bu, tabwera ndi nkhani yovuta," anayamba Karsono, maso ali pansi. Anawaonetsa timizu tija pachikhatho.

Anayang'ana pang'ono n'kupitiriza kusesa. "Mitengo ilipo yambiri m'tauni muno."

"Wa mandimu ndi umodzi, Bu. Tikumbe pang'ono chabe, tidule muzu walowawo."

"Mukumbe pakhomo panga?" Anatsamira tsache. "Karsono, iwe unkaba mandimu amenewa mphuno ili mamina. Lero wabwera ndi khasu?"

"Sitidula mtengo."

"Mudula muzu, mtengo udzadya chiyani? Thirani madzi otentha. Thirani soda. Anzanu amatero."

"Tathira, Bu," ndinatero ine. "Soda amasungunula mafuta, muzu saumva. Tikachotsa lero, mawa wakolanso zina."

"Ndiye kwezani pansi pa nyumba yanuyo."

Mtima unandiwawa ndipo ndinalankhula mawu omwe ndinali nawo. "Wanu simukudziwa kumene ali. Wanga ali pano, ndipo akutha ndikuona."

Bu Ngatini anatembenuka. Analowa m'nyumba n'kukoka chitseko pang'onopang'ono. Karsono anandiyang'ana, koma sanandidzudzule, ndipo ine sindinapepese. Ndinali ndi mantha, ndipo mantha alibe ulemu.

Mawa lake mvula inagwa kuyambira m'bandakucha. Madzi anadutsa pabafa n'kulowa kuchipinda. Ndinakhala pabedi miyendo nditapinda, ndikumwetsa Tari madzi a mchere ndi shuga ndi kasupuni, iye akubweza. Ndinangomva munthu akuyenda m'madzimo. Anali Bu Ngatini, opanda nsapato, atakweza nsalu mpaka m'maondo. Sanaodire. Anaika chala paliwombo pa mwanayo, pomwe panali patalowa, ndipo anachisiya pamenepo nthawi yaitali.

"Mvula ikakata, auze amuna ako abwere," anatero. "Koma mphika asaukhudze. Ndiutulutsa ndekha."

Karsono anakumba masana, anthu a m'kanjira atazungulira, aliyense akupereka nzeru zomwe sanapemphedwe. Anakumba mpaka m'chiuno osapeza kanthu.

"Anaukwirira kutali bwanji," anadandaula.

"Dala," anatero Bu Ngatini. "Amati ukakwirira mozama mwana sapita patali ndi kwawo. Bambo ake anakumba mpaka khasu linagunda paipi n'kuing'alula. Anamata ndi phale n'kundiuza kuti ndisauze munthu."

Wina anaseka, kenaka anadzigwira pakamwa.

Mphika unaoneka, wakuda, wosasweka. Bu Ngatini anagwada m'matope n'kuunyamula ndi manja awiri. Pansi pake panali muzu wonenepa ngati mkono wanga. Unali utalambalala mphikawo osaukhudza n'komwe, n'kulowa molunjika pamng'alu wa paipi. Mizu ina yonse inali ting'onoting'ono touma.

Anauyang'anitsitsa muzuwo. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinalakalaka tikanakumba iwo kulibe.

"Ndiye umamwa mmenemu," anatero motsitsa. "Zaka zonsezi. Madzi otsukira mbale a Warsih."

"Mtengo ndi mtengo, Bu," anatero Warsih. "Umamwa chomwe wapeza."

"Ine ndinkati ndi Sutris akundiuza kuti ali bwino."

Karsono anagwira chikwanje osachikweza, mpaka iwo anagwedeza mutu. Anatema, nazula chimchira cha mizu chotalika kuposa iye mwini, ndipo paipi inameza madzi ndi mkokomo womwe unamveka kanjira konse. Kumsewu ana anakuwa kuti ngalande yadzaza. Ine ndinathamangira kunyumba ndipo ndinapeza madzi akutsika pabafa, akusiya matope. Ndinasangalala, sindibisa.

Karsono anaika paipi yapulasitiki pomwe panasweka, nabwezera mphika pamalo pake. Tari anachira. Mvula itatha anali atayamba kuima chogwirira khoma, akulondola mphaka wa Warsih.

Dzuwa litalimba, Bu Ngatini anayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi chidebe, kupempha madzi otsukira mpunga ndi mbale. Ndinawauza kuti ndiwatungire oyera a pampopi.

"Ayi, ndipatse akudawo," anatero. "Ndi amene mtengowu unazolowera."

Tsiku lina ndinawanyamulira chidebecho mpaka pakhonde pawo. Nthambi za mbali ya kumsewu zinali mbee, minga yokhayokha. Iwo anathira madzi mozungulira tsinde, naweramuka, nandilozera nthambi ya pamwamba.

"Ukuona apo? Ukuphukira."

Ndinayang'ana ndipo ndinati ndikuona. Tikulankhula choncho tsamba lachikasu linathothoka n'kugwera pakati pathu. Bu Ngatini sanayang'ane pansi. Anangosuntha phazi n'kuliponda, ndipo anaima pomwepo osasuntha mpaka ndinatsanzika.