Mainess pa Zenera

Mainess anachotsedwa sukulu yogonera ku boma la Lundazi chifukwa cholumpha mpanda kukaona mayi ake atagonekedwa m'chipatala. Mlandu unali womwewo basi. Koma nkhani ikakwera minibasi imanenepa m'njira, moti pofika kwawo kwa Mwase anthu ankati analumphira mwamuna.

Chomwe chinamutsalira chinali kalasi ya masana ya m'tchalitchi, momwe a Danwell, mphunzitsi wopuma ntchito, ankakonzekeretsa osiya sukulu kuti akalembe mayeso a giledi 9. Akakhoza, sukulu ina ikanamulandira. Akalephera, khasu linali kumudikira.

Poyamba analimo ambiri ndithu. Kenako fodya anakhwima, ndipo fodya sadikira mayeso a munthu. Anzake anatha mmodzimmodzi kupita kukathyola ndi kusoka m'zigafa, mpaka Mainess anapeza mabenchi okhaokha.

Apa ndiye panavuta. Mtsikana wotha msinkhu sakhala m'nyumba awiriwiri ndi bambo wa eni, ngakhale bamboyo ali ndi imvi, ngakhale nyumbayo ili ya Mulungu. Akuluakulu a mpingo anali atanena kale kuti akangomva kalikonse, kalasiyo aitseka. Choncho Mainess ankaima panja pa zenera, kope lili pa njerwa, pomwe aliyense wodutsa pa njinga akanamuona. A Danwell ankaphunzitsa mabenchi, iye n'kumatola mawu otulukira panja. Ankasungulumwa kwambiri. Analibe womubwereka labala, kapena woti atsinane naye a Danwell akayamba kuwodzera pakati pa samu.

Tsiku lina mvula inabwera ndi mphepo kuchokera kuminda. Mainess anafunditsa kope ndi chitenje, madzi a padenga akumutsikira m'khosi.

"Ngena mukati, mwana wanga," anatero a Danwell. "Kulibe munthu mu msewu. Nindani azaona?"

Mainess anasuzumira mkati. Munali mouma, ndipo benchi yake yakale inali pomwepo, pafupi moti akanaikhudza.

"Yayi, a Ticha," anayankha akunjenjemera. "Ananipisha kamozi ku sukulu. Akanipisha na kuno, nizayenda kuti?"

A Danwell anakoka bolodi, miyendo yake ikukhukhuluza pansi, mpaka pa zenera, nakweza mawu kuti apose phokoso la malata. Mainess analemba ndi dzanja lonyowa, inki ikusungunuka asanamalize mzere.