Injini ya Malemu

Tcheni linalira kuseri kwa nyumba Flora akupinda mabulangete amene anthu anafunda pamaliro. Anasiya kupinda. Phokoso limenelo ankalidziwa: kwa miyezi isanu ndi iwiri linkamveka Loweruka lililonse, mwamuna wake Sylvester akukweza ndi kutsitsa injini pansi pa mtengo wa mango. Koma Sylvester anali atagona masiku atatu m'manda a kwawo ku Misuku.

Anatuluka wopanda nsapato. Kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri kanali pamalo pake, pamwamba pa zitsa zinayi, boneti ali chitsegukire. Sylvester anakagula ali mnyamata, atangoyamba ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo masiku amenewo ana a pa Chitipa boma ankakathamangira m'fumbi. Kanafa injini zaka khumi zapitazo. Atapuma pantchito anakatenga injini yatsopano ndi giyabokosi yake ku Tunduma, n'kuyamba kudula, kuboola ndi kuwotcherera kuti chatsopano chikhale m'chakale. Anagwa ndi sitiroko ntchito itatsala pang'ono.

Pansi pa galimotoyo panatulukira miyendo iwiri. Nsapato zake zinali zakuda, zomwe zija Esau, mng'ono wake wa malemu, anavala poyankhula kumanda, ndipo dothi la kumandako linali lisanachoke m'zidendene. Mabawuti amafuta anali m'bakuli limene amayi a mvano anabweretseramo chakudya. Koma chimene Flora anayang'anitsitsa chinali mphasa imene Esau anagonera.

"Alamu."

Esau anadzikhwekhwereza n'kutuluka, sipanala ili m'manja. "Monire, mulamu. Mwawuka makora?"

"Mphasa imeneyo mukuidziwa?"

"Mphasa ni mphasa, mulamu. Pansi apa pali chinyezi."

"Tinagonekapo akulu anu tisanawaike m'bokosi."

Esau anaiyang'ana, nayesa kufufuta ndi chala dontho la oyilo limene linali litalowerera kale. Kenako anapukutira chalacho pa thalauza.

"Sindinaganize," anatero. "Koma timvane. Injini iyi ingochita dzimbiri pano. Pikapu yanga yakhala pamiyala chiyambire Epulo, nthochi zikuolera m'munda, khofi wa anthu akusowa womutsitsa kuphiri. Kagalimoto aka n'kamasewera, nkhuku ziwiri sizingakwane kumbuyoku. Ndani akayendetse? Inu?"

"Nyumba sitinasese n'komwe. Mwana wathu Tawonga wabwerera ku Mzuzu dzulo lomweli, maso akadali otupa. Mukufuna akabwera adzapeze chigoba?"

"Mwana wamkazi ndi injini, zikugwirizana pati?"

Flora anabwera kuno kuchokera ku Ntcheu ali mphunzitsi wachitsikana, ndipo zaka makumi atatu zinamuphunzitsa kugwada, kunena kuti yewo ndi kukhala chete amuna a pabanja akamayankhula. Lero lilime linakana.

"Kumanda munalira mpaka anthu awiri kukugwirani. Kodi munkalira muli ndi sipanala m'thumba?"

"Mlekeni, mulamu."

Anali Rhoda, mlongo wamkulu wa malemu, amene anaperekeza Flora kuchokera kumudzi. Anaima pakhomo la khitchini, duku lakuda litafika m'maso.

"Ndinafuna tikambe mwezi ukatha, koma poti zafika apa, imvani. Chimene mukukanganirana si injini yayi. Ni munda wa amama."

"Munda uti?"

"Wa khofi, wa kumtsinje uja. Sylvester anaugulitsa mwakabisira. Ine ndinadziwa nditapeza mlendo akutengulira mitengo imene amama anabzala ndi manja awo, ndipo anandifunsa kuti ndikufuna chiyani m'munda mwake."

Flora anagwira thunthu la mango. Sylvester anamuuza kuti injiniyo anagulira ndalama zake zopumira pantchito. Anamuuza akumuyang'ana m'maso, akutafuna chinangwa, ndipo Flora anangoseka n'kunena kuti mkazi mnzake wofiirayo, kutanthauza galimotoyo, wadyanso. Munda umenewo ndi umene unaphunzitsa Sylvester sukulu. Ndi umenenso Tawonga akanaloza tsiku lina n'kunena kuti kwathu ndi apa. Tsopano unali utasanduka chitsulo chonunkha oyilo, chomangidwa tcheni m'khosi ngati mbuzi ya pamsika. Malovu owawa anadzaza m'kamwa mwake, ndipo sanadziwe kuti alavulire ndani, wamoyo kapena wakufa.

"Mwamva tsono," anatero Esau, mawu atabwerera mphamvu. "Ni katundu wa banja. Ine sindikuba."

Belu la njinga linalira kumpanda. Analowa a Masiye, fundi wokalamba wa kumsika amene ankawotcherera zitsulo za Sylvester. Pakaliyala anamangapo chitsulo chachitali chokulunga m'thumba la feteleza. Anavula chipewa, napepesa maliro kwa aliyense, kenako anamasula katundu wawo.

"Shafiti iyi anandisiyira kuti ndiifupikitse, poti giyabokosi yatsopanoyi ndi yaitali kuposa yakale. Ndamaliza. Sindinafune kukhala ndi chinthu cha munthu amene wapita." Anasuzumira m'boneti, nkhope n'kusintha. "Ndani wamasula mamawunteni ogwira injini? Sabata zitatu tinavutika kuti injini iyi ikhale mowongoka!"

"Mwafika bwino, fundi," anatero Esau. "Mundithandize kuitsitsa. Nkhani yake ni ya munda umene akulu anagulitsa osatiuza."

"Osakuuzani?" A Masiye anayang'ana Esau, kenako Rhoda. "Pepani, ine ndine mlendo pankhani za banja. Koma wogula mundayo anabwera naye ndinu, a Esau, ndipo munasaina ngati mboni pa benchi ya ku shedi kwanga. Ku Tunduma tinapita atatu. Malemu ankafuna injini yaing'ono, inu ndi amene munaumirira iyi, mumvekere iyi ndiye yamphamvu, ingakoke ngakhale pikapu."

Nkhuku inadumphira pa bakuli, n'kujompha bawuti, n'kuchokapo.

Rhoda anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali mng'ono wake. "Unabwera kunyumba kwanga," anatero motsitsa. "Unakhala pampando wanga, n'kumatukwana Sylvester pamodzi ndi ine chifukwa cha munda umenewu. Ndinakuphikira nkhuku tsiku limenelo."

"Adada akanakhalapo akanamvetsa kuti..."

"Usawatchule. Pakamwa pako pakununkha."

Flora anatembenukira kwa fundi uja. "A Masiye, bwezeretsani bawuti lililonse pamalo pake. Mwezi ukatha, Tawonga akabwera, galimoto iyi igulitsidwe yathunthu, ikuyenda. Ndalama zimene zipezeke alamu a Rhoda apite nazo kwa mlendo uja akaombole munda. Akakana, tikapempha ngakhale mizere ya kumtsinje yokha."

"Akakana ndikagona pakhomo pake," anatero Rhoda.

"Ndipo ine?" anafunsa Esau.

"Inu siyani sipanalayo, ndi ya akulu anu. Mphasayo tengani. M'nyumba mwanga isalowenso."

Esau anayang'ana mlongo wake, koma Rhoda anali atatembenuka kale. Anaponya sipanala pansi, nakulunga mphasa mokhotakhota, n'kutuluka nayo kukhwapa osatsanzika. Rhoda anakhuthulira mabawuti pa thumba la feteleza, natenga bakuli kukalikwecha ndi phulusa.

Flora anatsala ndi a Masiye. Chiyambire ntchito ya injiniyi anali asanakhudzepo galimotoyo, ndipo tsopano ankafuna kungochotsamo chilichonse cha mwamuna wake kuti ogula adzatenge chitsulo chokhachokha. Anatsegula chitseko cha dalaivala. Munali fungo la girizi ndi fodya amene Sylvester ankalumbira kuti anasiya. Anatola magalasi othyoka mwendo, chipewa, ndi mapepala ojambulapo mawaya ofiira ndi obiriwira. Kuti afikire zina zimene zinali kutsidya, anakhala pampando.

Mapazi ake anafika pansi bwinobwino. Anadabwa. Sylvester anali wamtali ngati mlongoti, ndipo kale Flora akakhala pampando umenewu miyendo inkangolendewera. Tsopano chiwongolero chinali pafupi, ndipo kutsogolo ankaona mpaka kumpanda. Anayang'ana kumapazi. Zopondera zinali ziwiri zokha, chilichonse chitamangiriridwa kathabwa kosalala.

"Kilatchi ili kuti?"

"Mulibe, mama. Giyabokosi iyi ndi otomatiki." A Masiye anayankha mutu uli m'boneti. "Malemu ankati otomatiki ndi ya anthu aulesi, koma anaisaka sitolo ndi sitolo. Ankati munayesa kuphunzira kuyendetsa muli achitsikana, kilatchi n'kukugonjetsani pamaso pa ana a sukulu, ndiye simunagwirenso chiwongolero. Mpandowo ndinauwotcherera kawiri. Koyamba anati watalikabe."

"Anayeza ndi chiyani, ine osandifunsa?"

"Pisani pansi pa mpandopo."

Flora anapisa dzanja, natulutsa nsapato yake ya kumanja, yabulauni, ya kutchalitchi. Anaifunafuna nyumba yonse chaka chatha mpaka kumenya galu wosalakwa, Sylvester akuthandiza nawo kusuzumira pansi pa bedi. Inali itadetsedwa ndi zala zamafuta, ndipo pachidendene panali mzere wa choko ndi manambala olembedwa mosamala, m'kalembedwe kake kopendekera kaja.

"Chitsiru cha munthu," anatero Flora. "Munda wonse wa amayi ake."

Sipanala inapitiriza kulira pang'onopang'ono.

Flora anakweza ngodya ya chitenje kuti apukute nsapatoyo. Anayamba kuchala, napukuta m'mbali monse, koma atafika pachidendene anaima. Anaiika pamiyendo choko chili m'mwamba, nakhala momwemo, chitseko chili chotsegula.