Dzina la Mkazi Kunsi kwa Chimbale

Ndinamenyetsa chimbalecho patebulo mpaka khofi wa mwana wanga Araceli kutayikira.

"Werenga," ndinatero. "Ine kusukulu sindinapondeko, koma nambala ya foni ndimaidziwa."

Chinali chimbale chapulasitiki chofiira, chimodzi mwa zimene mkamwini wanga Rigoberto ankanyamula Loweruka lililonse. Bambo wa ana atatu, wokonza mafiriji wodziwika mu Zapopan monse muno, kumakaponya zimbale m'madengu achitsulo kupaki ngati mwana! Ndinachipeza ndikusesa kuchipinda kwawo. Chabwino, chinali m'chikwama. Koma chikwamacho chinali pansi, ndiye n'kusesa komweko.

Araceli anachitembenuza. "Yadira," anawerenga, n'kupitiriza kukulunga matamale, timitanda ta ufa tophikira m'makoko a chimanga.

"Basi? Mwamuna wako akusunga dzina la mkazi, foni yomwe, iwe uli phee?"

"Amayi, osewera onse amalemba dzina kunsi kwa chimbale. Chikatayika m'tchire, wotola amaimba foni."

Rigoberto analowa akupukuta girizi m'manja. Ataona chimbalecho sanachite n'komwe manyazi.

"Ameneyo ndi mphunzitsi wanga, apongozi. Anandibwereka chifukwa n'chopepuka. Zanga sizikupita patali."

"Amakuphunzitsa bwanji?"

"Amandiimika bwino, n'kundipotoza chonchi."

"Amakugwira?"

"Pang'ono."

Zaka khumi ndi zinayi za ukwati, munthu n'kumayankha kuti pang'ono! Pofika madzulo ndinali nditauza mchemwali wanga, mayi wogulitsa nkhuku, ndi azakhali ake a Rigoberto yemweyo. Bedi la kuchipinda kwanga ndinaliyala la anthu awiri, kuti Araceli akamusiya asavutike kogona.

Loweruka ndinamukoka kuti tipite kupaki akadzionere yekha. Anakana, akuti mutu. Ndinamuuza kuti mutu wake upole m'basi.

Yadira uja tinamupeza. Mayi wa imvi, wonenepa kuposa ine, bondo lomanga bandeji, mawu ngati a kondakitala. Mtima wanga unagwa, koma sindinabwerere m'mbuyo. Amuna amakonda zinthu zodabwitsa.

"Rigo, ndanena kangati?" ankakalipa mayiyo. "Mkono ndi chingwe chabe, mphamvu ili m'miyendo. Fulatira dengulo, chiuno chiyambe, chimbale chidutse pachifuwa. Ndipo usachilozetse kumwamba, sukugenda mango!"

Mkamwini wanga anapuma mwamphamvu, n'kuthamanga, n'kuponya. Khoo! Chinagunda mtengo woyamba. Chimbale chinagubuduka n'kudzagona pafupi ndi nsapato yake.

Ndinaseka mpaka misozi. "Miyezi isanu ndi umodzi akukugwira m'chiuno, zotsatira zake n'zimenezi? Ndiye mumatani kuno Loweruka lonse? Ngakhale mkazi wako, amene sanachigwirepo, angakupose!"

"Ayese," anatero Rigoberto, akumwetulira ngati chitsiru chabwino chimene ali. "Tenga, mayi a Nico."

"Sindikufuna," anatero Araceli.

"Tenga!" ndinamukankha. "Umuchititse manyazi pamaso pa mkazi wakeyu."

Araceli anandiyang'ana diso limene sindinalimvetse. Kenako anachilandira. Zala zinayi zinalowa zokha kunsi kwa mkombero, osayang'ana. Anaima cham'mbali. Phazi lamanja, lamanzere n'kudutsa kumbuyo kwa linzake, chidendene n'kuzungulira pasimenti, tswii! Chimbale chinachoka chogona bwinobwino, chinadutsa pakati pa mitengo iwiri pamene ine sindikanadutsa ndi dengu la kumsika, chinapita, chinapitabe, n'kukatera kutali pafupi ndi dengu lachitsulo lija.

Osewera onse m'pakimo anasiya kuponya.

Rigoberto ndiye anayamba kudumpha. "Mwaona? Mwaona mkazi wanga? Koyamba kumeneku!"

Yadira sanadumphe. Anapinda manja n'kumuyang'ana Araceli kumapazi.

"Chidendene chimenecho," anatero pang'onopang'ono, "kuno amaphunzitsa munthu mmodzi yekha. Ine ndimazungulitsa chala chakuphazi. Chidendene ndi Efraín, wa Lachiwiri masana."

Lachiwiri masana. Chaka chathunthu ine ndakhala ndikulera adzukulu Lachiwiri masana, mayi awo ali kokapemphera kolona ndi amayi a kutchalitchi. Ankabwerako masaya ali psuu, ine n'kumati Mzimu Woyera.

Ndinatembenuka. Pabenchi pansi pa mtengo panali bambo wamtali wa chipewa choyera, chikwama cha zimbale pambali pake. Anthu onse ankayang'ana kumene chimbale chinagwera. Iye yekha ankayang'ana pansi. Sindinachite kufunsa kuti Efraín ndi uti.

Mwina amangomuphunzitsa. Mwina. Koma ine zinthu zotere ndimazinunkhiza khomo lili chitsekere, ndipo apa mphuno yanga inali italoza nyumba yolakwika sabata yonse. Mkangano umene ndinaufuna unali pamaso panga, wonenepa, wokwana kudyetsa banja lonse mpaka Khirisimasi. Panangotsala mawu anga awiri.

Rigoberto sanamve za chidendenezo, kapena anamva koma sizinalowe. Anandigwira phewa, nkhope ili ngwee.

"Apongozi, nenani zoona. Luso limeneli mwana wanu analitenga kuti?"

Yadira anandiyang'ana. Araceli anayang'ana mitengo.

"Kwa ine, kwa ndaninso?" ndinatero. "Malemu bambo ake ndinkawagenda mbale kuchokera kukhitchini mpaka pageti, ndipo sindinaphonyepo. Chidendene chomwechi. Iwe Yadira, phunzitsa wophunzira wako, za magazi a eni uzisiye."

Rigoberto anaseka mpaka kugwira mawondo, n'kuthamangira kukatola chimbale cha mkazi wake, akufuulira aliyense wodutsa kuti abwere adzaone.

Araceli anandigwira mkono ngati akundithandiza kuyenda. Zikhadabo zake zinkandilowa m'mnofu. Tikudutsa pabenchi paja, bambo wa chipewa choyera anawerama, n'kumasula chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale, n'kuyamba kuchimanganso.