Kope la Nthunzi

"Mwati lili m'thumba la jekete?" a Wallace anafunsanso, chipewa chili m'manja.

"Jekete lomwe tinawaveka lija," anatero a Jenifer, mkazi wa malemu. "Ankalikonda. Nanga ndani akanapisa m'matumba a maliro?"

Panali patapita masiku anayi chiikireni a Lameck Sichali. Zaka zisanu ndi zitatu iwo ndiwo ankawerenga mita ya nthunzi pa fakitale ya alimi a khofi ku Lufita. Fakitaleyo inalibe ng'anjo yakeyake. Inkagula nthunzi youmitsira khofi kwa ocheka matabwa oyandikana nawo, yobwera m'paipi, ndipo m'mawa uliwonse a Lameck ankalemba nambala m'kope lawo. Tsopano ogula a ku Ulaya ankafuna lipoti pofika Lachisanu, loonetsa nthunzi yonse imene fakitale inagula chaka chatha. Popanda lipotilo, khofi wa mabanja mazana atatu sakanachoka m'nyumba yosungira. Ndiye kopelo, kalanga ine, linali pansi pa dothi.

"Ocheka matabwa alibe lawo?" anafunsa Eneless, mwana woyamba wa malemu.

"Mita yakale inapsa mu Juni. Kope sankasunga, ankangokhulupirira bambo ako." A Wallace, omwe anali manijala wa fakitale, anatembenukira kwa a Jenifer. "Mayi, mwina akuluakulu atalola kuti..."

"Yayi!" A Jenifer anamenya mphasa ndi chikhatho. "Mwamuna wanga si chinangwa choti mukafukule."

Kunja nkhuku zinkatola madeya otsala pa maliro. A Wallace anatulutsa fomu, naikankhira kwa Eneless pamodzi ndi cholembera.

"Mwanawe, chaka chatha unkawathandiza kukopera. Ukukumbukako pang'ono. Ungoyerekeza basi, miyezi khumi ndi iwiri yokha. Azunguwo sadzabwera kudzayeza. Ine ndikawauza chiyani alimi?"

Eneless anawamvera chisoni bambowo, ndipo anachita mantha, poti khofi wa amayi ake nayenso anali m'nyumba yosungira yomweyo. Anayesetsa kukumbukira. Palibe nambala ndi imodzi yomwe imene inabwera.

"Amama, tsiku loti adada sanapite kumita ankalemba chiyani?"

"Mawu amodzi. Ngakhale abwana awakalipire chotani."

Eneless anaika fomu pabondo. M'bokosi la Januwale analemba pang'onopang'ono, ndi zilembo zazikulu ngati za bambo ake: SINDINAONE. Anapukuta m'maso ndi chitenje, natsikira pa Febuluwale.

A Wallace sanamuletse. Anangovala chipewa, nadikira kuti afike pa Disembala.