Sowo ya Malemu Enock

Maukonde anali atakwezedwa kale m'boti, matumba a ufa ali pamwamba, pamene Eveles anatulukira padoko la Chikombe atanyamula sowo yodulira zitsulo. Linali tsiku lotsegulira usodzi pachilumba cha Mbenji, ndipo aliyense anali kalikiliki. Utaka woyamba sudikira munthu.

Botilo linali la Eveles, pamodzi ndi injini ya dizilo imene mwamuna wake, malemu Enock, anamusiyira. Woliyendetsa anali mlamu wake Lawson, mng'ono wa malemuyo, munthu wa pakamwa pokoma amene ankakhulupirira kuti injini ikamalira ndiye kuti ili moyo. Injini imeneyo ndiyo inkadyetsa ana a Eveles. Munda analibe, mbuzi analibe, ndipo injiniyo ikanafa panalibenso wina womulirira.

"Alamu, fyuluta ya oyilo mwachotsa m'mawa ija ili kuti?" anafunsa Eveles.

"Ndataya," anayankha Lawson akupukuta manja pakabudula. "Ndamanga yatsopano, taonani kuwala kwake. Yakaleyo mukufuna mukaphikire ndiwo?"

Asodzi amene anali m'boti anaseka. Eveles anafunafuna m'bango mpaka anaipeza fyulutayo, kachitini kakuda katagona mumchenga.

Enock anali ndi chizolowezi chimene anthu padoko ankachiyesa misala. Fyuluta yakale sankaitaya asanaidule. M'kati mwake mumakhala pepala lolimba lopindidwa mothinana, limene limakola zinyalala oyilo akamadutsa, ndipo iye ankalitambasula padzuwa n'kumaliyang'anitsitsa. Ankati injini ili ngati khanda, siinena pamene pakuwawa, koma matenda ake umawaonera m'thewera. Wogwirira kachitiniko iye akamadula anali Eveles, ndipo ankachita zimenezi akung'ung'udza. Chimwalirireni mwamunayo sowo ija inangokhala kudenga, mpaka sabata imeneyo pamene Eveles anamva kakugogoda kachilendo boti likukocheza.

Anapanikiza kachitiniko ndi phazi pathabwa n'kuyamba kudula. Katatseguka, anasuzumira m'kati. Pepala linalimo lochepa momvetsa chisoni, mapindo owerengeka, ndipo linali litang'ambika n'kumatuka kumunsi. Oyilo ankangodutsa osasefedwa. Pa kachidutswa kamene kanatsala panali tizitsulo tonyezimira ngati mamba a usipa.

"Iyi munaigula kuti, alamu?"

"Kwa mavenda kuboma. Masiku ano katundu ali mbwee pamsewu, si kale lija lodikira sitolo ya ku Lilongwe. Utoto womwewo, dzina lomwelo, mtengo wachifundo."

"Nanga yatsopanoyo?"

"Kwa yemweyo. Ndi mnzanga."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero Eveles. "Injini yakhala ikudzidya yokha. Boti ili lero silichoka."

Anakwinya chitenje, nalowa m'madzi, nakwera m'botimo. Anatenga handulo yolizira injini n'kuikhalira pamwamba pa matumba a ufa. Padoko panabuka phokoso. A Saidi, mwini maukonde aja, bambo wachikulire wa ndevu zaimvi, anavula chisoti n'kuyankhula modekha.

"Mayi, Wallahi, anyamata angawa adikira miyezi yonse ya mvula. Tikafika mawa, malo abwino omanga misasa anzathu atenga. Ulendo umodzi wokhawu, Mulungu atisunga."

"Mulungu amasunga, bambo, koma sasefa oyilo. Maboti ena alipo, kwerani amenewo."

Lawson anaona kuti anthu akumuyang'ana, ndipo manyazi anamusandutsa wandale. Anaimirira pamphuno pa boti n'kutambasula manja.

"Abale, zinthu zinasintha m'dziko muno! Zolamulidwa ndi munthu mmodzi tinazikana. Tivote! Amene akufuna boti linyamuke akweze mkono!"

Mikono inakwera yonse, ngakhale ya anthu amene ankangodutsa. Eveles anawayang'ana mmodzimmodzi osaphethira.

"Mavoti anuwo mukaponye m'boti lanu. Mu injini ya Enock mulibe matipate."

Ena anaseka, koma Lawson nkhope inachita mdima. "Mkazi woti Mbenji sanapondepo chibadwire, lero aziphunzitsa ife za panyanja?"

"Mwanena zoona, alamu. Akazi kuchilumbako sitiloledwa, ndipo mwambowo sindikulimbana nawo. Injiniyi ikakafera pakati pa madzi mwera utadzuka, ine ndidzangomva uthenga ndili pamtunda. Ndiye poti komweko sindingafike, mlandu wake ndiuweruza pompano."

"Khalirani handulo yanuyo mpaka muikire mazira," anatero Lawson. "Ndikabwereka ina."

Anadumphira m'madzi n'kulunjika kuboti loyandikana nalo. Apa Eveles anazindikira kuti kukhalira chitsulo sikuthandiza kanthu, chifukwa mahandulo padoko anali ambiri. Koma fyuluta ya injini imeneyo inali imodzi yokha. Anatsikira pansi, nakulunga kansalu pa kachitini kowala kaja, napotokola ndi manja onse awiri mpaka kanamasuka. Oyilo anamuyenderera m'mikono.

Mantha anali nawo, asakunamizeni munthu. Bwanji ngati iyi inali yabwino m'kati? Akanakhala nyimbo ya padoko chaka chonse, mkazi wamasiye wodula katundu watsopano chifukwa cha nkhanza. Koma anakumbukira kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anaiika pathabwa n'kutsitsa sowo.

"Alamu! Mwapenga?" anakuwa Lawson akuthamanga m'madzi, handulo yobwereka ili m'manja.

Anafika mochedwa. Kachitini kanali katagawika kale, ndipo Eveles anakakweza m'mwamba kuti ovota onse aja aone. Munali kapepala kopyapyala, mapindo otalikirana ngati mano a nkhalamba, komatidwa mbali imodzi yokha. Atakakhudza ndi chala kanagwa.

Palibe anaseka. A Saidi anasuzumira, napukusa mutu, n'kuuza anyamata awo kuti atsitse maukonde. Sanathokoze ndipo sanatukwane. Pasanapite nthawi maboti ena anali atanyamuka atadzaza, ndipo la Eveles linatsala lokha likuyandama lopanda kanthu. Zinamuwawa kuona ulendo wonenepa kwambiri pachaka ukupita ndi ena, ndipo misozi inalengeza, koma sanalole kuti igwe pamaso pa mlamu wake.

Lawson anakhala m'mphepete mwa boti. Kenako anatola pepala la fyuluta yakale lija, nalipendeketsa padzuwa, nafikisa tizitsulo tija pakati pa zala. Kagwiridwe kake kanali ka Enock kenikeni, moti Eveles anayang'ana kumbali.

"Achimwene akanakhalapo akanatani?" anafunsa Lawson motsitsa mawu.

"Akanayamba akudulani inuyo ndi sowoyi. Kenako akanakhetsa oyilo yense n'kutsegula pansi pa injini kuti aone pamene padyeka."

Lawson sanapepese, si munthu wake. Anangofunsa ngati kunyumba kuli beseni lakutha, n'kuyamba kufunafuna sipanala m'bokosi.

"Lili kuseri kwa bafa, mukatenge nokha," anatero Eveles. "Ine mawa ndikwera matola kupita ku Lilongwe kukagula yeniyeni. Ndipo kuyambira lero fyuluta iliyonse yochoka mu injini iyi izidzera m'manja mwanga."

Anamanga zidutswa zija pakansalu, natsikira m'madzi, handulo ili kukhwapa ndipo sowo ili m'manja. Atafika kunyumba sanaibwezere kudenga. Anaikoleka pamsomali wa pakhomo, pomwe Lawson aziiona tsiku lililonse akabwera kudzapempha handulo.