Kilachi ya Apongozi

Mphiri inaluma mkazi wanga Lillian dzuwa litangokwera, m'munda wa thonje wa bambo ake ku Ndake. Tinapitako kukathandiza kutola. Ine ndine makanika pa Petauke, za thonje ndilibe nazo luso, koma mkamwini sakana munda wa apongozi. Pofika naye kumudzi phazi linali litatupa kale mpaka m'kakolo, ndipo kukiliniki anangotiuza kuti tithamangire kuchipatala ku Nyimba.

Galimoto inalipo. Apongozi anga a Daka, mphunzitsi wopuma wovala magalasi, ali ndi kavani kakale kotsegula kumbuyo kamene amakakonda kuposa ng'ombe zawo, ndipo chiwongolero chake sagwira munthu wina. Anakhala iwo pachiwongolero, ine pambali pawo. Lillian tinamugoneka kumbuyo pamatiresi, mutu pamiyendo ya mayi ake. Ndinkafuna kukhala naye, koma kuthithikana ndi apongozi aakazi m'kavani sikukanatheka.

Matenda a galimotoyo ndinkawadziwa. Dzulo lake a Daka anandiitana kuti ndidzaone ntchito ya manja awo.

"Onani apongozi," anatero akumwetulira. "Kilachi inali kugwedela monga dzino la nkhalamba. Namanga nati, manje yalimba."

Ndinakankha chopondera ndi dzanja. Chinali gwa kuyambira pamwamba penipeni. Chopondera cha kilachi chimayenera kutsika kaye chabe, mpata wa zala ziwiri, chisanayambe kulimba. Mpatawo amakanika timati pulei, koma eni magalimoto amaona ngati china chake chamasuka. Ukauchotsa zimakhala ngati phazi lapondapo pang'ono ulendo wonse. Mbale ya kilachi sigwira bwino, imaterereka, imatentha, mapeto ake imapsa. Zonsezi ndimazidziwa ngati dzina langa. Koma ndinangoti, "Yalimba zoona, atata." Maganizo anga anali oti ndidzamasule natiyo mwakabisira Lamlungu, iwo ali kutchalitchi. Kwathu kuno mkamwini sauza apongozi kuti alakwa, amazungulira.

Pamalo athyathyathya kavani kankayenda ndithu. Pachitunda choyamba injini inakwera mawu, koma liwiro silinatsatire. A Daka anawonjezera moto. Injini inakuwa kwambiri, galimoto n'kumangokwawa, ndipo m'kati munalowa kafungo kakupsa kaja kamene makanika aliyense amakamva ali m'tulo.

"Atata, kapena motoka yalema," ndinatero ndikuyang'ana pansi. "Tingaimeko pang'ono?"

"Tiimile chani? Mwana afele mu njila?"

Ndikuvomera, ndinachita mantha ndi munthu wovala magalasi kuposa mmene ndinaopera njoka. Chitundacho tinachimaliza mwamwayi, chachiwiri chimodzimodzi, paliwiro loti wapanjinga akanatipitirira akuimba nyimbo. Mayi ake a Lillian anagogoda galasi lakumbuyo.

"Kutupa kwafika mu nkhongono! Fulumilani!"

Ndinacheuka. Lillian anali atatseka maso, milomo itatuwa, thukuta likutsika m'khosi. Mwendo unali utadzaza chitenje chimene anamufunditsa.

Titawoloka kamtsinje kouma tinapeza chitunda chachitali, chamiyala. A Daka anaika giya yachiwiri, kenako yoyamba. Pakati pa chitunda injini inalira ngati chigayo chopanda chimanga, matayala osazungulira, ndipo ndinamva galimoto ikuyamba kubwerera m'mbuyo. Utsi unkatuluka pansi pa mapazi athu. Ndinadziwa kuti akapondanso moto kamphindi kena mbale ipseratu, ndipo tikhala pamenepo mpaka kubwere ngolo.

Ndinakoka handibuleki, n'kutambasula dzanja pamaso pawo, n'kuzimitsa injini.

"Selukani."

Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwanga, ine Vitalis, kuuza apongozi. A Daka anandiyang'ana ngati ndawathira madzi.

"Mwati bwanji?"

"Selukani, atata. Nati ija munamanga dzulo ndiye yatipha. Ikani mwala ku tayala, munipase sipanala."

Kumbuyo kunamveka mayi aja akuti "Mayo!" Sindinadziwe ngati akulirira mwana kapena mwano wanga, ndipo sindinafunse. A Daka anatsika pang'onopang'ono, nakatola mwala. Sipanala inali pansi pa mpando, yokulungidwa bwino m'kansalu.

Ndinatsegula boneti. Manati a waya wa kilachi ali awiri, pamalo opanikizika pafupi ndi giyabokosi, ndipo chilichonse pamenepo chinali moto. Mkono unakhudza paipi ya utsi, khungu n'kutsala pomwepo. Nati yoyamba inakana. A Daka anali ataimanga ndi mphamvu zonse za munthu wokhulupirira kuti akuchita bwino. Sipanala inapulumuka kawiri, kachitatu inagwira.

"Kankhani chopondela na dzanja!" ndinakuwa. "Chitsika chabe?"

"Pang'ono."

"Zala zingati?"

"Chimodzi."

Ndinamasulanso. "Manje?"

"Ziwili."

Ndinamanga nati yachiwiri n'kutseka. A Daka anali atagwira kale chitseko kuti akwere.

"Osati manje. Izizileko."

"Apongozi, mwana!"

"Tikayenda ili yakupya, sitifika."

Mphindi zisanu zimenezo sindidzaziiwala. Ndinaima pambali pa kavani nditagwira dzanja la Lillian, apongozi aakazi ali pomwepo, manyazi atatha. Lillian anasanza kamodzi. Ananditchula dzina motsitsa, n'kufunsa ngati tafika. Ndinamunamiza kuti tatsala pang'ono. Ndinalibe chitsimikizo choti mbaleyo yatsala ndi moyo, chifukwa kumasula nati sikubweza chimene chapsa kale.

Ndinakhala pachiwongolero osapempha. A Daka anazungulira n'kukakhala pamene ndinali ine. Ndinaliza injini, ndinaika giya yoyamba, n'kuyamba kukweza phazi pang'onopang'ono, moto wochepa. Theka la njira ya chopondera, palibe. Kupitirira theka, palibe. Thukuta linalowa m'maso. Pafupi ndi pamwamba penipeni galimoto inanjenjemera, mphuno yake inadzuka, ndipo ndinamva m'phazi kuti yagwira. Ndinatsitsa handibuleki. Tayala linasiya mwala uja, tinayamba kukwera.

Phazi ndinalichotseratu pachopondera n'kuliika pansi. Sindinasinthe giya mpaka pamwamba.

Ku Nyimba Lillian anamulandira mwachangu. Namwino anajambula mzere ndi bolopeni pamene kutupa kunalekezera, chapakati pa ntchafu, n'kufunsa nthawi imene analumidwa. Titamuuza anangoyang'ana wotchi. Ulendo wa ola limodzi tinauyenda maola awiri ndi theka.

Tinakhala pabenchi panja, ine uku, a Daka uko, pakati pathu malo a anthu atatu. Masana dokotala anatuluka. Anati moyo wa Lillian uli bwino, koma phazi lada kwambiri, ndipo za kulisunga kapena kulidula adzadziwa kukacha.

Dokotala atalowanso, a Daka anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Apongozi," anatero osandiyang'ana, "munamvela pati kuti itelemuka?"

"Pa chitunda choyamba."

"Nanga pamene n'nakuonetsani nati?"

"N'nadziwa, atata."

"Munakhalila chani zii?"

"Ndimwe apongozi."

Anavala magalasi aja, nayang'ana chitseko chimene analowera dokotala.

"Ine n'nalakwa posadziwa," anatero. "Imwe munali kudziwa. Akamudula phazi mwana wanga, mukamupase ulemu wanu uja aziyendela."